Kudyetsa Madala

Wakuba wosaina dzina lake pa bowo limene waboola, Sajeni anali asanamuonepo. Pa zaka zonse zimene mayiyu anafufuza milandu anakumanapo ndi mbava zopusa. Ina inagona tulo m'sitolo imene inathyola, ina inaiwala foni pawindo, koma yosiya dzina ayi. N'chifukwa chake bambo amene anakhala kutsidya kwa tebulo m'mawa umenewo ankamuyabwa mtima.

Anali munthu wa imvi ndi magalasi okhuthala, malaya ake atachita makwinya chifukwa chogona m'chitokosi. Kuntchito kwawo, ku kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta, onse ankawatcha Madala. Anakhala atabisa manja m'khwapa ngati akumva kuzizira, chonsecho m'chipindamo munkatentha moti ngakhale ntchentche zinali zitafooka.

Mlandu wake unali wotere. Kampaniyo ndi imene inalemba pulogalamu yoyendetsa geti la nyumba yaikulu yosungiramo mankhwala a zipatala. Lole ikafika, pulogalamu inkaona nambala yake, ikapeza kuti ili ndi chilolezo n'kutsegula. Sabata yapitayo lole ina inalowa dzuwa likuswa mtengo, inapakira makatoni a mankhwala a ana mpaka kudzaza, n'kutuluka geti likuitsegulira ngati mlendo wolemekezeka, ndipo kompyuta sinakumbuke kanthu. Atafufuza anapeza kuti wina anawonjezera mizere ingapo mu pulogalamuyo, youza geti kuti likaona lole imeneyo litsegule kenako liiwale. Pa kampanipo munthu akasintha chilichonse, makina amadinda dzina lake. Pa mizere yakubayo panadindidwa dzina la Madala.

"Bambo, ndikufunseninso. Munalemba ndinu?"

"Dzina mwaliona."

"Sindinafunse za dzina. Kuwerenga ndimatha."

"Ndiye werengani, mayi, ine mundisiye."

Sajeni anawakankhira kapu ya tiyi. Madala anaiyang'ana ndi maso a munthu amene sanalawe kanthu kuyambira dzulo, anameza malovu, koma manja sanawatulutse m'khwapa muja.

"Lole ija ndi ya ndani? Munapangana ndi ndani? Mankhwala aja anali a ana, bambo, a ana odwala. Mulibe zidzukulu inu?"

"Zimenezo ndamva."

"Masana ano mukaonekera kukhoti, ndipo belo pa mlandu ngati uwu musaiyembekezere. Pa msinkhu wanuwu, mukuganiza kuti kundende mukatulukako ndi miyendo yanu?"

"Galimoto ikafika mundiuze."

Sajeni anatuluka akutukwana chamumtima. Pakhonde anakumana ndi Insipekitala, mkulu wake pantchito, akutokosa mano.

"Inu mayi, nyama yadzigwetsa yokha m'mbuna, mukufuna kukasakanso kutchire? Galimoto ya kukhoti inyamuka tikadya nkhomaliro."

"Mundipatse m'mawa uno wokha, bwana."

"Wokhawo. Mukachedwa nkhalambayi ipita, inu muzikacheza ndi makompyuta anuwo."

* * *

Ofesi ya kampaniyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo fungo la labala linkakwera masitepe pamodzi ndi mlendo aliyense. Mkati munali matebulo m'mizere, mawaya pansi ngati mizu, ndi anthu ovala mahedifoni amene sanadzutse n'komwe mitu. Pakhoma panali sikirini yaikulu yosonyeza mayina a antchito onse, lililonse ndi kamzere kake, ena aatali, ena ofupika momvetsa chisoni.

Mwini kampani anali kamunthu konenepa, kovala jekete lothina. Antchito ankamutcha Sikelo, koma kumbali.

"Mboni yanga ndi iyi," anatero akugogoda sikiriniyo ndi chala. "Bolodi langa limawerenga mizere imene munthu walemba ndi ntchito zimene watseka. Wokhalitsa pansi ndimamutsegulira chitseko. Ine sindiweta anthu, mayi, ndimalipira ntchito."

"Madala anali pati?"

"Chaka chatha anatsika mpaka pansi penipeni. Ndinatsala pang'ono kuwatsanzika. Kenako anadzambatuka, anakwera mpaka pakati n'kukhazikika pomwepo. Ine ndinkati bolodi lawadzutsa. Kani akundikumbira manda! Makasitomala akundiimbira ngati ndawabera ndine."

"Munawaonapo akulemba?"

Sikelo anamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Ine ndili ndi nthawi yoima kumbuyo kwa munthu? Ndinagula bolodi kuti lizindiyang'anira."

Sajeni anachotsa maso pa bolodilo. Anthu otere ankawadziwa bwino, ndipo sankawakonda ngakhale pang'ono. Anapempha kuti amusonyeze pamene Madala ankakhala. Linali tebulo la pakona, pafupi ndi windo, lokhala ndi chithunzi cha kamtsikana ka yunifolomu ndi kapu yaikulu ya chivindikiro. Anaweramira pa kiyibodi, kenako anayenda pang'onopang'ono m'mizere ya matebulo akusuzumira makiyibodi a ena onse.

"Zolemberazi munagula liti?"

"Zonse pamodzi, kumayambiriro kwa chaka. Mukufuna kundiwerengeranso katundu?"

Makiyibodi a ena onse anali atanyezimira ndi mafuta a zala, zilembo zina zitafufutika mpaka osaoneka. Ya Madala, munthu wa pakati pa bolodi, inali ngati yangotuluka kumene m'katoni.

* * *

Pamwamba pa bolodi panali mnyamata wotchedwa Liwiro. Sajeni anamupeza atasanjika miyendo pa bini, akutafuna chingamu, zala zikuthamanga ngati nkhuku zikutola chimanga.

"Mami, ndili mkati mwa ntchito. Mukandidula apa ndiyambiranso pachiyambi."

Sajeni anamuvula mahedifoni n'kuwaponya m'dirowa. "Ndine mami wako ine? Tsitsa miyendoyo."

Miyendo inatsika.

"Pamwamba uli iwe. Pansi pali ndani?"

"M'busa. Uyo wa juzi yotuwayo, wakhala ngati akudikira mgonero. Timamutcha choncho chifukwa tsiku lililonse pa msonkhano wa m'mawa amatilalikira za matesiti."

"Matesiti n'chiyani?"

Liwiro anausa moyo ngati munthu amene wapemphedwa kufotokozera ng'ombe za wailesi. "Timapulogalamu ting'onoting'ono toyesa ngati chimene walemba chikugwira ntchito. Ndiye iyeyo amayamba kulemba tesiti asanalembe ntchito yeniyeniyo. Mwamvapo zotero? Kusoka nsapato mwana asanabadwe! Bolodi siliwerenga matesiti, ndiye munthu amangomira akupemphera."

"Ndani winanso amachita zimenezo?"

"Madala. Ndi amene anamuphunzitsa, anamutola akadali mbuli yeniyeni. Awiri amenewo basi. Ena tonsefe timalemba, kutumiza, zikaphulika tikonza mawa. Moyo ndi waufupi."

"Tsiku limene mizere yakuba ija inalowa, unali kuti?"

"Pompano, anthu onse anandiona. Ndipo musandiyang'ane choncho, sabata imeneyo siinali yanga n'komwe."

Chingamu chinaima mkamwa.

"Siinali yako yotani?"

Maso a mnyamatayo anathawira ku kachipinda ka magalasi kumene Sikelo ankakalipira munthu pa foni. Kudzikuza konse kuja kunasungunuka, panatsala kamwana kamantha.

"Ine sindinanene kanthu," ananong'ona. "Kafunseni Achemwali."

* * *

Achemwali anali mkazi yekhayo pakati pa olemba mapulogalamuwo, mayi wamtali wa nkhope yosasekerera zopusa. Sajeni anamupeza m'kakhitchini ka ofesi akutsuka kapu imene inali yoyera kale.

"Mwabwera kudzamaliza zimene munayamba? Mwagoneka munthu wamkulu pa simenti, mukufunanso ndani?"

"Amene anachotsa mizere yakuba ija mu pulogalamu."

"Ndine. Ndipo nyansizo zinakana kuchoka."

"Zinakana bwanji?"

Achemwali anaika kapu pansi mwamphamvu. "Kuno ukasintha kanthu, makina amayamba ayendetsa matesiti onse. Zikakhala bwino nyale imayaka yobiriwira, china chikasweka imayaka yofiira. Nditachotsa mizere ija, nyale psuu! Ndikayang'ana, pali tesiti ikudandaula kuti lole ija siikudutsanso pa geti. Wakubayo anaboola bowo, kenako analilembera mlonda woti aziliyang'anira lisatsekeke."

"Munauza ndani?"

"Palibe."

"Chifukwa?"

"Chifukwa Sikelo akanati chiyani? Akanati wolemba matesiti ndi Madala, dzina ndi la Madala, nkhani yatha."

Sajeni anatseka chitseko cha kakhitchiniko n'kuchitsamira. Mtima unali utayamba kumuwira, chifukwa palibe chimene chinkamunyansa ngati mboni yodziwa zonse koma yopereka nyenyeswa.

"Tamverani, mayi. Kiyibodi ya Madala sinagwidwe chaka chino. Tiyi wanga anakana, osati chifukwa cha mwano, koma sakanatha kunyamula kapu ine ndikuona. Kamnyamata ka chingamu kaja kali ndi sabata yake ya chinachake. Mundiuza muno, kapena ndikafunse pakati pa ofesi mokweza?"

Achemwali anamuyang'ana ndi chidani chosabisa. Kenako mapewa ake anagwa.

"Manja awo anayamba kunjenjemera chaka chatha. Poyamba pang'ono, kenako moti batani la malaya linkawavuta. Koma mutu ulipo wonse. Chinthu chikatikanika tonsefe, timakoka mpando kupita pakona paja, iwo amangoyang'ana n'kunena ndi pakamwa kuti vuto lili apa. Kungoti bolodi la Sikelo silimva za pakamwa. Ndiye tinagwirizana. Anatipatsa pasiwedi yawo, ndipo sabata iliyonse mmodzi wa ife amadula kagawo ka ntchito yake n'kukatumiza m'dzina lawo. Timasinthana. Timati kudyetsa Madala."

"Ndiye pasiwedi imeneyo ili ndi ofesi yonse."

"Kupatula Sikelo."

"Anayambitsa ndani?"

"M'busa. Ndipo ankadyetsa kuposa tonse, mpaka iye mwini anayamba kumira. Atafika pansi anasiya, n'kuyamba kutiuza kuti zimene tikuchitazi ndi bodza."

"Atasiya, Madala anasintha pasiwedi?"

"Asinthe ndi manja ati?"

Sajeni anagwira chogwirira cha chitseko, koma Achemwali anamukoka dzanja.

"Musamuuze Sikelo, chonde. Akamva atichotsa tonse amene tinadyetsa. Ine ndili ndi ana atatu ndipo bambo wawo anathawa kalekale. Tsiku limene apolisi anabwera, Madala anandinong'oneza kuti, 'Mwana wanga, tseka pakamwa. Ndikapita ndipite ndekha.'"

"Ndiye akafere kundende kuti inu musunge mipando yanu?"

"Anasankha okha!"

"Mundisiye dzanja," anatero Sajeni. "Likufunika."

* * *

Tebulo la M'busa linali laudongo mochititsa mantha. Zolembera zinayalidwa motsatira kutalika, mawaya anamangidwa ndi timalamba, ndipo mwini wake anakhala chowongoka, manja atawasanjika pamodzi. Anali bambo wa zaka zapakati, wolankhula motsitsa ngati akuwerenga malamulo.

"Madala ndi mphunzitsi wanga. Zimene zachitikazi zikundipweteka kuposa aliyense muno. Koma makina sanama, mayi."

"Pasiwedi yawo mukuidziwa?"

"Ine ndili ndi yanga."

"Mizere yakubayo inabwera ndi tesiti. Ndamva kuti olemba choncho muno mulipo awiri."

"Mwamva zoona. Ndipo dzina limene lili pamenepo ndi la mmodzi mwa awiriwo. Si langa."

"Manja a Madala ali bwanji?"

M'busa anakonza cholembera chimodzi chimene chinapendekeka pang'ono. "Ine si dokotala. Bolodi likuti amalemba sabata iliyonse. Ngati mukukayika, imani apo mufunse mokweza. Tione ngati pali mmodzi muno amene anene kuti Madala salemba."

Ananena akumwetulira, kamwetulidwe kakang'ono ka munthu amene watseka zitseko zonse ndipo makiyi ali m'thumba mwake. Sajeni anatembenuka. Mitu yonse inali itaweramira pa makompyuta, ngakhale amene mahedifoni awo anali chete. Liwiro ankalemba ngati wagwidwa ndi mzimu. Achemwali anaima pakhomo la khitchini akuyang'ana pansi. Pamenepo Sajeni anamvetsa mmene msamphawo unatchedwera. Munthuyu sanadalire makina, anadalira chifundo cha anzake ndi mantha awo. Ankadziwa kuti palibe angatsegule pakamwa kukhoti, ndipo Madala eni ake sangatero ngakhale atawaika pamoto.

Foni inalira. Anali Insipekitala.

"Nthawi yanu yatha, mayi. Nkhalamba ija yakwera kale galimoto."

Sajeni anatseka maso. Njira inalipo imodzi yokha, ndipo inali yauve. Anadana ndi M'busa chifukwa chomufikitsa pamenepo, anadananso ndi iye mwini chifukwa ankadziwa kuti aidutsa ndithu.

"Bwana, auzeni adutsire kuno asanapite kukhoti."

* * *

Madala analowa pakati pa apolisi awiri, nsapato zopanda zingwe zikuwomba pansi. Ofesi yonse inaima. Sikelo anatuluka m'kachipinda kake akukuwa kuti sakufuna mbava pamalo pake, koma Sajeni anamuyang'ana kamodzi kokha ndipo kamunthuko kanakhala chete.

"Amasuleni. Bambo, khalani pa tebulo lanu."

Madala anakhala, manja anabwerera m'khwapa.

"Lembani mzere umodzi. Uliwonse umene mukufuna."

Nkhalambayo inadzutsa maso. Munalibe mkwiyo, munali kupempha. "Mayi, musatero."

"Lembani."

"Ndavomera kale. Ndinalemba ndine. Tiyeni kukhoti."

"Ngati munalemba ndinu, mzere umodzi suvuta. Lembani!"

"Inu mulibe bambo?" anakuwa Achemwali. "Munabadwa pa mwala?"

Sajeni sanatembenuke. Anaima pambali pa mpandowo nkhope itauma gwaa.

Madala anatulutsa manja. Ankagwedezeka ngati masamba, lamanja kuposa lamanzere. Anawaika pamwamba pa kiyibodi, chala chinasaka chilembo chimodzi n'kugunda zitatu. Anafufuta. Anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti likhazikike, koma onse awiri anangovina pamodzi, ndipo pa sikirini panatuluka zilembo zopanda mutu zikuthamangitsana. Thukuta linatsika n'kudontha pa magalasi. Anayesabe, chifukwa munthu amene wagwira ntchito imodzi moyo wake wonse savomera msanga, mpaka manja anagwera pamiyendo okha. M'chipindamo munangomveka makina opopa matayala pansi paja.

"Mwaona nonse," anatero Sajeni. "Mizere yakuba ija inabwera ndi tesiti yoilondera. Olemba choncho muno alipo awiri. Mmodzi ndi uyu."

"Tesiti angalembe aliyense," anatero M'busa, mawu ake ali phee.

"Ine?" Liwiro anaseka mwamantha. "Yaudongo ngati imene ija? Ngakhale mutandimanga."

Madala anavula magalasi movutikira, anatembenukira kwa M'busa, wophunzira wawo. Analankhula motsitsa, ngati mmene ayenera kuti ankachitira pomukonza ali wamng'ono pantchito.

"Tsiku limene anandionetsa mizere ija ndinadziwa dzanja lako, mwana wanga. Koma chinthu chimodzi chandisowetsa tulo m'chitokosi muja. Bowo la mbava, unalilemberanji tesiti? Pamenepo sipankafunika. Unangotaya nthawi."

Apa ndi pamene M'busa anasweka. Kutchedwa wakuba anapirira, koma kuuzidwa pamaso pa anthu kuti tesiti yake inali yosafunika, ayi.

"Sipankafunika? Ndi chitsiru ichi muno?" M'busa analoza Liwiro. "Amagwira chilichonse osawerenga! Gawo la geti analiphwanyapo kangati chaka chino? Popanda tesiti akanaswa zonse lole isana..."

Anaima, pakamwa pali yasa. Mawu anali atatuluka kale, ndipo anamva aliyense.

Wapolisi mmodzi anasuntha ndi unyolo umene unali utangochoka pa manja a Madala. M'busa sanalimbane, koma nkhope yake yonse inasanduka ina.

"Ndinakudyetsani, bambo! Ndinadula ntchito yanga kukupatsani mpaka ine ndinafika pansi. Mwezi wamawa wopita ndinali ine. Inu munakhala phee pakati pa bolodi, mukudya thukuta langa, ndipo simunanene ngakhale kamodzi kuti mwana wanga siya, wamira. Anthu a lole aja ndi okhawo amene anandifunsa kuti ntchito yanga ndi yabwino bwanji!"

M'mawu amenewo munali choonadi chimene Madala sakanachikana. Sajeni analanda foni ya M'busa n'kuipereka kwa wapolisi. Manambala a eni lole anali mmenemo, ndipo ankadziwa kuti anthuwo awapeza dzuwa lisanalowe.

Sikelo anali atafiira mpaka m'makutu. Za mankhwala sanafunse, za M'busa sanafunse.

"Ndiye chaka chonse ndakhala ndikulipira munthu wosalemba? Ndipo nonsenu mumanamiza bolodi langa?"

"Zimene zimatikanika tonse amakonza ndani?" anatero Achemwali. "Bolodi lanulo?"

"Iwe ndiyamba ndi iwe. Lowa mu ofesi. Ena nonse mudikire, tionana mmodzimmodzi. Madala, tengani kapu yanu, masitepe mukuwadziwa."

Sajeni anafunafuna m'mutu mwake lamulo limene akanamangira kamunthu kameneko. Silinapezeke.

* * *

Panja, pafupi ndi mulu wa matayala akale, wapolisi anapatsa Madala lamba wawo ndi zingwe za nsapato zimene anawalanda polowa m'chitokosi. Nkhalambayo inakhala pa sitepe yomaliza n'kuyamba kulimbana ndi kabowo koyamba. Nsonga ya chingwe inkapita uku ndi uku, kabowo osakapeza.

Sajeni ananjuta patsogolo pawo. "Bweretsani ndikuthandizeni, bambo."

"Mwandithandiza kale mokwanira."

"Mukanafera kundende."

"Ndikanafera ndekha."

Pamasitepe panamveka mapazi. Achemwali anatsika atanyamula katoni, m'mwamba mwake mukuonekera mahedifoni ndi kambale ka nkhomaliro. Maso ake anali ouma. Madala ataona katoniyo anagwetsa chingwe chija.

"Mwana wanga, nanga ana aja..."

"Khalani chete, bambo. Tambasulani phazi."

Anaika katoni pansi, anagwada pa fumbi, analowetsa zingwe m'mabowo onse n'kumanga nsapato zonse ziwiri, mfundo zolimba ngati za mwana wopita kusukulu. Achemwali sanamuyang'ane n'komwe Sajeni, ngati pamalopo panaima mtengo. Kumwamba kunamveka mawu a Sikelo akuitana dzina lina.

Sajeni anadzuka, mawondo akulira. Anali atagwira wakuba weniweni, anali atapulumutsa munthu wosalakwa, ndipo mumtima mwake munali mowawa ngati wamwa ndulu.

"Ndinalibe njira ina, bambo," anatero.

Madala anagwira phewa la Achemwali n'kuimirira. Anavala magalasi, anamuyang'ana Sajeni kwa nthawi yaitali.

"Mwina inu munalibe, mayi. Ine ndinali nayo, ndipo inali yanga."

Anatembenuka n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kulowera kokwerera basi, Achemwali ali pambali pawo ndi katoni yake.